Nkhope ya Achimwene Pagalasi la Kukhitchini

Alamu anga amasita zovala. Ndiyo ntchito yawo kuyambira ndisanawadziwe, m'chipinda cha kumbuyo kwa malo ochapira zovala, momwe nthunzi imachita kulendewera kudenga ndipo ukalowa utavala mandala amangoti mbuu. Masuti a anthu, madiresi a ukwati, makatani a m'mahotela, zonse zimadutsa m'manja mwawo. Anzawo kuntchitoko sawatchula dzina, amangoti a Mathero, chifukwa alamu sanavomerepo mathero a filimu iliyonse. Filimu ikatha, enafe tikuyasamula n'kumafunafuna nsapato pansi pa mpando, iwo tsinya limakhala lili pamphumi. "Ayi, sizinathe choncho. Mtsikana uja sakanakwera sitima." Ndiye mawa lake pa nthawi yopuma, simbi ili chiimire, amatayipa pafoni ndi chala chimodzi mathero awoawo n'kutumiza ku gulu lawo la pa intaneti, la anthu omwe sanaonanepo maso ndi maso koma amakangana ngati apachibale.

Ine ndine mlongo wa malemu amuna awo. Ndimagulitsa nsapato, ndipo mafilimu si mbali yanga, ndikakhala pampando wofewa tulo timandipeza nkhani isanafike pakati. Koma zolemba za alamu ndimawerenga, poti akanditumizira amadzandifunsa mafunso ngati aphunzitsi. Ndisanamize, zina n'zabwino. Pali filimu ina ya dalaivala wa basi yemwe ankakonda mayi wokhala mpando wa kumbuyo, osamuyankhula ngakhale moni, mpaka mayiyo anasiya kukwera. Alamu analemba kuti basiyo inafa pamlatho kuli nkhungu, anthu onse anatsika kukafuna ina, mayi uja yekha anatsalira, ndipo awiriwo anakhala m'basi yozizira akugawana lalanje mpaka dzuwa linatuluka. Palibe china chinachitika. Ndinawerenga nditaima pakati pa mabokosi, kasitomala akundidikira phazi limodzi lili m'mwamba.

Maganizo awo pa mafilimu ndi a munthu wa simbi. Ena amaona ndewu ndi magalimoto ogubuduzika, iwo amaona makolala. "Munthu wathawa m'nkhalango sabata yathunthu koma buluku lili ndi mzere wakuthwa chonchi, wamusitira ndani, nyani?" Filimu ikhoza kutamandidwa dziko lonse, koma mkwatibwi akatulukira ndi diresi la makwinya, kwa alamu yagwa basi.

Achimwene anali makanika wa mabasi, munthu wa mawu ochepa, wokonda mafilimu omwe pomaliza aliyense wafa kapena wasiyidwa. Ankati amenewo ndiye onena zoona. Loweruka masana awiriwa ankaonera filimu pabalaza, m'nyumba yawo ya pamwamba pa mdadada wa nyumba zosanjikizana, atafunda bulangete limodzi. Ikatha alamu ankayankhula mpaka kukhosi kuuma, achimwene ali duu. Chigamulo cha achimwene chinkabwera m'mawa. Iwo ndiye ankayamba kudzuka kukatereka ketulo, ndipo nyengo yozizira zenera la kukhitchini likachita nthunzi, ankajambulapo nkhope ndi chala: maso awiri, ndi kamwa yomwetulira ngati filimu yawasangalatsa, yokhotera pansi ngati ayi. Alamu akagwirizana nayo ankaisiya, akapanda kugwirizana nayo ankaipukuta ndi kansalu ka mbale. Ine ndinkawaseka kuti achimwene nyengo yotentha alibe maganizo.

Filimu yomaliza yomwe anaonera limodzi, madzulo ena pakati pa sabata, inali ya mayi woyimba, wobwerera kwawo atakalamba n'kupeza mwamuna wa pa utsikana wake akumudikirabe. Alamu analira, ndipo kwa nthawi yoyamba sanafune kusinthapo kanthu. M'mawa anapeza nkhope pagalasi itakhotetsa kamwa mpaka pachibwano. Anali atachedwa kuntchito, kansalu kali patali, ndiye anangokuwira achimwene omwe ankatsika kale masitepe kuti, "Tikambirana madzulo, musathawe!" Tsiku lomwelo achimwene anagwa kugalaja ndi vuto la mtima, ndipo sanadzukenso.

Kunali kumapeto kwa chisanu. Kunatentha, galasi linauma, nkhope inazimiririka, ndipo m'nyumba ya maliro palibe amakumbuka kutsuka zenera la kuseri kwa mapoto. Chaka chinazungulira. Tsiku lina m'mamawa ndikuvala kuti ndizipita kusitolo, foni inalira.

"Mlamu, bwerani msanga. Achimwene anu abwera."

Ndinathamanga juzi nditavala chotembenuza, mumtima ndikuti basi, mutu wawasokonekera mayi aja. Ndinawapeza ataima pakati pa khitchini, ketulo ikuwira, manja ali pakamwa. Anandilozera ndi chibwano. Galasi linali litayera ndi nthunzi, ndipo pakati pake panali nkhope ija, maso awiri ndi kamwa yokhota, yooneka bwinobwino ngati yajambulidwa m'mawa womwewo. Chala cha makanika sichitha mafuta ngakhale achisambe bwanji, ndipo pomwe chinadutsa nthunzi siinkagwira. Ndinakhala pansi pa simenti yozizira n'kulira ngati mwana. Ndinkawasowa achimwene koopsa, ndipo sindinadziwe kuti ndinkawasowa choncho mpaka nditaona kamwa yawo yonyoza ija.

Alamu sanalire. Anayang'ana nkhopeyo n'kunena kuti, "Mpaka pano simunasinthe maganizo? Filimu ija inali yabwino, inu."

Kujambula zithunzi kunayambira pamenepo. Foni anali atawagulira mwana wawo wamkazi, yemwe amakhala kutali, ndipo alamu ankafuna chinthu chimodzi chokha: kumutumizira nkhope ya bambo ake, komanso kuti iwo akhale nayo nyengo yotentha. Zinkaoneka ngati ntchito ya kamphindi. Koma kamera ya foni ili ndi mtima wake. Ukailozetsa pagalasi imapyola n'kukagwira nyumba za kutsidya kwa msewu. Ukayandikira imagwira timadontho, nkhope n'kusanduka chifunga. Ukayatsa fulashi chimatuluka ndi chidzuwa choyera pakati. Ukazimitsa getsi mumachita mdima, ukaliyatsa umadziona wekha wanyamula foni, tsitsi lili nyankhalala. Ndipo nthawi ndi yochepa, chifukwa dzuwa likangosuzumira pamwamba pa madenga nthunzi imayamba kuuma kuchokera m'mbali, achimwene n'kumapita pang'onopang'ono, kuyambira kumaso.

Ndiye alamu anati aphunzire kaye pa zinthu zina. Anayamba kudzuka kusanache bwino, atadzikulunga bulangete, n'kumazungulira m'nyumba ndi foni ngati munthu wosaka mbewa. Anajambula nthunzi ikukwera m'kapu ya tiyi, dzuwa likuidula pakati. Anajambula masokosi pachingwe cha pakhonde, ali gwaa ndi chisanu. Anajambula nkhunda itadzitukumula pa waya, mutu utabisika m'nthenga, ndi msewu wa m'munsi nkhungu itaumeza, kungotsala nyali imodzi ndi mayi wokankha njinga yemwe miyendo yake siikuoneka. Anajambula bedi lawo m'mawa, mbali imodzi bulangete lili mapirimapiri, mbali inayo lili see. Zithunzi zawo zonse zimaoneka ngati malo omwe unawalotapo koma sukukumbuka liti. Ku gulu kuja anayamba kuziika pamwamba pa nkhani zawo, ndipo anthu anazikonda kuposa nkhanizo, zomwe sizinawasangalatse kwenikweni. Wina anawafunsa kuti kamera yawo ndi ya mtundu wanji. Anamuyankha kuti ndi ya galasi losweka pakona.

Nyengo yotentha sajambula. Amati dzuwa limaulula zonse, chithunzi n'kukhala chopanda chinsinsi. Foni imabwerera ku ntchito yake yokonza mathero a anthu, ndipo zenera la kukhitchini limakhala ngati zenera lina lililonse, kungoti lakuda. Alendo ankaliyang'ana n'kuyang'anana, poti nyumba yonse ya alamu imawala, ngakhale nsanza zopukutira pansi amazisita. Zenera limenelo lokha ankaliteteza ngati khanda. Anasuntha chitofu kuti mafuta asamathovukirepo. Ketulo ankaiwiritsa pang'ono chabe, chifukwa nthunzi ikachuluka madontho amatsetsereka n'kudula nkhope. Ngakhale anachita zonsezi, chisanu chilichonse achimwene ankabwera atafooka kuposa chaka chatha. Diso lakumanzere linayamba kusowa. Chithunzi chenichenicho chinali chisanapezekebe.

Ine ndi mtima wanga wapachalawu ndinkatopa nazo. M'mawa wina ndinawauza kuti angoitana wojambula weniweni, wa kamera yaikulu.

"Kuti adzaone chiyani? Mayi wamkulu akulambira galasi lakuda?" anatero. "Kuona maso a nkhono n'kudekha, mlamu."

"Nkhonoyo ilibe sitolo yoti ikatsegule," ndinawayankha, koma ndinakhalabe, nditawagwirira kapu.

Chaka chino, chisanu chili pakati, mwini nyumba anagogoda khomo ndi khomo ali ndi nkhani yabwino. Anthu a mumdadada anali atadandaula kwa nthawi yaitali kuti mawindo akale akulowetsa mphepo, ana akungokhalira chifuwa. Tsopano anali atamva. Mawindo onse achotsedwa, aika amakono, a magalasi ophatikiza, osalowa mphepo komanso osachita nthunzi. Mdadada wonse unasangalala. Alamu nawo anali m'gulu la odandaula aja, chifukwa cha zenera la kuchipinda, osadziwa kuti walira mvula walira matope. Anayesa kupempha kuti la kukhitchini lisiyidwe, mwini nyumba anaseka n'kunena kuti felemu lake ndi lomwe lawola kuposa onse.

Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse ndinkadzera kwa alamu ndisanapite kusitolo. Wina wa ku gulu lawo anawalangiza kuti kuseri kwa galasi kukhale chinthu chakuda, kamera isamapyole. Kuseri kwa galasilo ndi mlengalenga, nyumba ili pamwamba. Alamu anabwera ndi chikhoti chakuda cha kuntchito, chomwe mwini wake sanabwere kudzatenga, tinachikoleka pa ndodo ya tsache, ine n'kutulutsa theka la thupi pa kawindo ka kubafa kuti ndichifikitse kuseri kwa zenera la kukhitchini. Mphepo inkandiluma makutu, chikhoti chikuuluzika, anthu opita kuntchito m'munsimo ataima kakasi kuyang'ana m'mwamba.

"Kwezani pang'ono, mlamu! Ayi, mwapitirira! Chagwedezeka!"

"Ndikagwa mudzandilembere mathero abwino," ndinakuwa.

Zinathandiza pang'ono. Pa chithunzi china kamwa inaoneka, koma ngati kaukonde ka kangaude. Pa china diso limodzi. Alamu ankazikulitsa ndi zala ziwiri, n'kupukusa mutu. "Si iwo awa. Awa ndi madontho." Ine ndinkaona kuti akuonda. Nkhani anasiya kulemba, ndipo Loweruka lina tinaonera filimu yomwe inatha moipa kwabasi, mwana atasochera osapezeka, iwo anangozimitsa kanema, mathero osawakonza.

Tsiku la mawindo linafika, ndipo ngati dala, kunacha kofunda. Thambo linali mbee, mphepo zii, nkhunda zikuyenda pakhonde mosatekeseka. Galasi linali louma. Alamu anatereka ketulo, nthunzi inakwera n'kumwazikira kudenga osagwira pagalasi. M'nyumba ya m'munsi tinkamva kale nyundo ikugogoda.

Kenaka alamu anandipatsa foni. Anachotsa mapoto, anakwera pa kampando, anagwira m'mphepete mwa sinki n'kuyandikitsa nkhope yawo pagalasi. Anauzira mpweya wa m'kamwa, pang'onopang'ono, ngati munthu wotenthetsa manja a mwana. Pagalasi panachita kabwalo koyera, ndipo m'kati mwake munatulukira kachidutswa ka kamwa yokhota ija. Asanabweze mutu kuti ndijambule, kabwaloko kanali katauma. Anauziranso. Diso linatulukira n'kuzimirira. Kuti achimwene aoneke, alamu ankayenera kukhala pomwepo akupuma, ndipo akakhala pomwepo ankawatchinga. Ine ndinkangodina foni. Zithunzi zonse zinatuluka za alamu: mayi wa imvi m'mbali mwa makutu, maso ali chitsinzinire, milomo ili pafupi ndi galasi, kuwala kwa m'mawa kukuwadutsa m'tsitsi. Anaziyang'ana mofulumira. "Mwajambula ine, mlamu. Ine ndilipo kale."

Woika magalasi anagogoda. Anali bambo wachikulire, waulemu, wa ovololo yotsuka bwino ndi pensulo kukhutu, wovula nsapato pakhomo osauzidwa. Apa m'pamene nzeru inandibwerera yomwe inayenera kutibwerera kalekale. Ndinamufunsa ngati galasilo lingachoke lathunthu, osasweka.

Analigogoda ndi chikhadabo, anayang'ana phala louma la m'mbali mwake. "Lakalamba, mayi, koma tiyesa. Mukulifuna?"

"Ndi lachikumbutso," anatero alamu. Ine ndinatsegula pakamwa kuti ndifotokoze zonse, iwo ananditsina pamkono. Anali ndi manyazi, mayi wamkulu, kuuza mlendo kuti amuna awo amakhala pagalasi. Anangowonjezera kuti, "Chonde bambo, muzigwira m'mbali mokha. Pakatipo musakhudze."

"Musadandaule, mayi. Ndamva."

Ndipo anamvadi. Sindinaonepo munthu akugwira ntchito mosamala choncho. Anapala phala lija pang'onopang'ono ndi kampeni, anazula timisomali tadzimbiri kamodzikamodzi, akuyankhula nalo galasilo motsitsa ngati akunyengerera mwana kumwa mankhwala. Alamu anali atagwira dzanja langa mpaka zala zinachita dzanzi. Kenaka galasi linasuntha, linapendekeka, n'kutuluka lathunthu, iye atalipana ndi zikhatho m'mbali mokha. Mpweya wa kunja unalowa m'khitchini. Alamu anaseka, kuseka kwenikweni komwe ndinali ndisanakumve nyengo yonseyi, n'kuyamba kulongosola pomwe adzaliike: kuchipinda, pafupi ndi zenera, pomwe m'mawa kumazizira kwambiri.

"Ndikalipale m'mbalimu pakhonde, lingakuchekeni," anatero bambo uja, n'kutuluka nalo.

Ife tinatsala tikusesa tizidutswa ta phala. Alamu ankayankhula osapuma, za filimu ya mwana wosochera ija, kuti aganiza kale momwe akapezekere, m'sitolo ya maambulera, atagona. Ine ndinkaseka. Fungo la sipiriti ndinalimva, koma ndinaliganizira mochedwa.

Bambo uja analowa atanyamula galasi m'mbali mokha monga anauzidwira, nkhope yake ikuwala ndi kunyadira. Galasilo linali mbee, ngati mulibe kanthu m'manja mwake.

"Ndaona kuti simufuna zidindo za zala, mayi, ndiye ndalipukuta ndi sipiriti mbali zonse ziwiri. Linada zedi. Ine sindipereka galasi lakuda kwa munthu."

 Mawu omwe anabwera pakamwa panga sakanakhala oti n'kulembedwa, koma alamu anandiponda phazi. Anayang'ana galasilo, anayang'ana bamboyo, munthu yemwe anachita zomwe iwonso amachita tsiku lililonse, kubweza chinthu cha mwini chili bwino kuposa momwe chinabwerera.

"Mwagwira ntchito, bambo," anatero. "Zikomo kwambiri. Layera."

Bambo uja anawerama pang'ono n'kubwerera ku felemu lake, akuimba kamluzu. Ife tinanyamula galasi kupita nalo kuchipinda, iwo kutsogolo ine kumbuyo, n'kukhala pabedi titaliimika pamaondo pakati pathu. Ndinkawaona bwinobwino kupyolera m'menemo. Anavula mandala awo n'kuwaika pa pilo. Anayandikira, anauzira mpweya pakati penipeni. Kabwalo koyera kanabwera, kosalala, kopanda kalikonse, n'kuuma. Anasunthira m'mwamba pang'ono, pomwe pankakhala diso, anauziranso. Kenaka m'munsi.

"Alamu," ndinatero.

"Dikirani kaye, mlamu. Mwina kuno."

Kukhitchini nyundo inayamba kugogoda. Nthawi yotsegula sitolo inali itadutsa kalekale. Ndinagwiritsitsa mbali yanga, chifukwa galasi limalemera, iwo akukoka mpweya wina.